Thambo Lomangidwa ndi Manja: Mbiri ya African Consolidated Theatres

Ife amene tinakula tikumvetsera nkhani za madoda obwera ku Joni, aja ankatsika basi atasenza bokosi lachitsulo, chipewa chili chopendekeka, jekete lochindikala lili m'thupi ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, tikukumbukira kuti pa zodabwitsa zonse zimene ankasimba pabwalo madzulo, kuyambira chikepe chotsitsa anthu kunsi kwa nthaka kufikira nyumba zosanjikizana zofuna kuboola mitambo, panali liwu limodzi limene silinkasowa m'kamwa mwawo, ndilo bayisikopo. Chimene ambiri a iwo sankanena, kaya chifukwa sankachidziwa, kaya chifukwa mwamuna sasimba za pakhomo pamene anam'bweza, n'chakuti mumzinda umenewo mabayisikopo anali a mitundu iwiri: ena anali awo, a chinsalu chopachika pabwalo la komboni, ndipo ena anali nyumba zachifumu zimene iwo ankangozipenya kunja podutsa mumsewu. Nyumba zachifumuzo, pamodzi ndi mafilimu ochuluka amene ankaonetsedwa kuyambira ku Cape mpaka kumtsinje wa Zambezi, zinali m'dzanja la bungwe limodzi, ndipo bungwelo linali m'dzanja la munthu mmodzi.

Munthuyo anali Isidore William Schlesinger, Myuda wokulira ku New York, wamfupi msinkhu, amene anafika ku South Africa mu 1894 asanakwanitse zaka 25, alibe chuma china koma lilime lake ndi mapazi ake. Anayamba ndi kugulitsa inshuwalansi, akuyenda mudzi ndi mudzi pakati pa Maburu ndi Angerezi. Ndipo popeza mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa, m'zaka khumi zokha anali atakhazikitsa makampani akeake, African Realty Trust mu 1902 yogula ndi kugulitsa malo, ndi African Life mu 1904 ya inshuwalansi. Kanema anali atafika kale m'dzikomo iye asanam'ganizire: mu May 1896 wamatsenga wina dzina lake Carl Hertz anaonetsa zithunzi zoyenda mu Empire Palace of Varieties ku Johannesburg, patangopita miyezi yosakwana isanu ndi umodzi chionetsere abale a Lumière zawo ku Paris. Zaka zotsatira timaholo tinabuka ponseponse ngati bowa wa mvula yoyamba, eni ake akulimbirana mafilimu ndi anthu omwewo, akutsitsirana mitengo mpaka ambiri anagwa m'ngongole. Pamenepo ndi pamene Schlesinger analowererapo. Mu 1913 anagula Empire, nasonkhanitsa makampani amene anali kufa kuti akhale limodzi pansi pa dzina la African Theatres Trust, nakhazikitsanso African Films Trust yoitanitsa mafilimu kunja.

Nzeru yake yonse inagona pa kugwira zinthu ziwirizi pamodzi. Mwini holo wopanda filimu ali ndi mipando chabe, ndipo mwini filimu wopanda holo ali ndi chitini chabe. Koma wogwira zonse ziwiri ali ngati munthu amene ali ndi nyama ndi mpeni womwe, amene amatema yekha kuti uyu adye nthiti, uyu adye mapazi. Wina aliyense wofuna kutsegula nyumba ya kanema ankayenera kubwereka mafilimu kwa munthu yemweyo amene ankapikisana naye. Osakhutira ndi izi, mu 1915 Schlesinger anatsegula African Film Productions pamalo ake a ku Killarney kuti azijambula yekha. Kumeneko n'kumene kunkakonzedwa African Mirror, kanema wa nkhani za mlungu ndi mlungu amene anayamba mu 1913 nakhalapo mpaka m'zaka za m'ma 1980, ndiponso De Voortrekkers ya mu 1916, yosimba ulendo wa Maburu ndi nkhondo yawo ndi Dingane monga momwe Maburu eni ankafunira kuti isimbidwe. Ankhondo a Chizulu a m'filimuyo anali anthu a m'migodi, obwerekedwa kuti adzagwe pansi pamaso pa kamera. Sitilakwa tikati mkuluyu anali wamalonda poyamba ndi potsiriza, pakuti dzanja lomwelo linadzala minda yaikulu ya malalanje ku Zebediela, ndipo linagwiranso wailesi ya dziko lonselo kuyambira 1927 kufikira boma litaitenga mu 1936.

Mdani weniweni anatulukira mu 1927, kampani ya Kinemas, imene inafulumira kubweretsa mafilimu olankhula nimanga maholo ake moyang'anizana ndi a Schlesinger. Analimbana zaka zinayi, uyu akamanga uyonso namanga, kufikira mavuto a zachuma amene anagwedeza dziko lonse lapansi anawakumbutsa kuti atambala awiri salira m'khola limodzi. Mu 1931 anaphatikizana, ndipo pamenepo panabadwa African Consolidated Theatres yoyang'anira nyumba, ndi mlongo wake African Consolidated Films yogawa mafilimu. Tambala wotsala m'kholamo sanali wa Kinemas.

M'nyengo imeneyi, ya mpikisano ndi ya zaka zochepa zotsatira, ndi m'mene munamangidwa nyumba zimene okalamba a ku South Africa amaziusira moyo mpaka lero. Ku America kunali mmisiri wina, John Eberson, amene anatchukitsa maganizo akuti munthu wolowa m'nyumba ya kanema asadzimve kuti ali m'nyumba ayi, koma kuti wakhala pabwalo la dziko lakutali usiku wa nyenyezi. Mmisiri wa bungwe la Schlesinger, Percy Rogers Cooke, anawatenga maganizowo nawabzala kum'mwera kwa Africa. Alhambra ya ku Cape Town, ya mu 1929, inavekedwa maonekedwe a nyumba za Aluya a ku Spain; Capitol ya ku Pretoria, ya mu 1931, inali ngati msewu wa ku Italy wakale; ndipo Playhouse ya ku Durban, ya mu 1935, inatengera nyumba za matabwa opingasa za ku England wa mafumu a Tudor. Onani kuti pa zonsezi panalibe ndi imodzi yomwe yofanizira Africa. Anthu amene ankalipira tikiti ankagula maola atatu oiwala kumene ali.

Koma mfumu ya zonse inali Colosseum ya mu Commissioner Street ku Johannesburg, imene anaitsegula ndi Jan Smuts mu October 1933, pasanathe chaka kuchokera pamene a Metro-Goldwyn-Mayer a ku America anatsegula nyumba yawo yaikulu ya Metro mumzinda womwewo ngati kutokosa njuchi. Nthawi yake inali yokomera omanga, chifukwa kumapeto kwa 1932 boma linaleka kumangirira ndalama yake ku golide, mtengo wa golide unakwera, ndipo chuma chinasefukira mu Johannesburg pamene mizinda ina ya padziko inali pa njala. Nyumbayi inadzaza mdadada wathunthu; kunja inali ya mizere yowongoka ya kamangidwe ka Art Deco, yokometsedwa ndi zosema zokumbutsa Aigupto, ndipo m'kati munali mipando yopitirira 2,000.

Tiyeni tilowemo pang'ono, inu owerenga, popeza m'mawu mulibe mlonda wotibweza. Ndi Loweruka madzulo. Abambo ali m'masuti, amayi m'madiresi aatali, pakuti kanema wa masiku amenewo ankamuvalira monga tchalitchi, ndipo mpando ankachita kusungitsiratu. Mtsikana wa yunifolomu alandira tikiti, natsogola ndi katochi koloza pansi, mapazi akumira m'kalapeti osamveka mgugu. Mukakhala pansi ndi kukweza maso, denga palibe. Pamwamba panu pali thambo lobiriwira modera ngati la usiku wa mwezi wa June, nyenyezi zikuphethira, ndipo kumanja ndi kumanzere, m'malo mwa makoma, kwaima malinga ndi nsanja zosongoka za m'nthano, zokwera pamatanthwe, timazenera take tikuyaka ngati muli anthu amene sanagone. Zonsezi zinatuluka m'mutu mwa William Timlin, mmisiri ndi wojambula wa ku Kimberley, yemwe analembanso ndi kujambula buku la nthano lotchedwa The Ship that Sailed to Mars. Ndipo amene waona zithunzi zake sangadabwe kuti munthu woteroyo, atapatsidwa makoma a nyumba yonse, anawasandutsa maloto. Chinsinsi cha thambolo chinali chaching'ono: pulasitala wopindika ngati chipanda chovundikira, utoto, ndi timababu tambirimbiri tobisika m'timabowo, ndipo m'nyumba za mtundu uwu munkakhalanso makina oponya chithunzi cha mitambo kudenga, kuti izioneka ikuyenda pang'onopang'ono kuchokera mbali ina kunka ina. Munthu wamkulu ankadziwa bwino lomwe kuti ndi pulasitala, komabe khosi linkam'pweteka ndi kuyang'ana kumwamba.

Mwambo wa usikuwo unali ndi dongosolo lake losasinthika ngati la mapemphero. Oimba ankayamba, kapena, m'nyumba zina monga Metro, woimba limba lalikulu la Wurlitzer. Kenaka nyali zinkazilala pang'onopang'ono ngati dzuwa likulowa, makatani olemera n'kupatukana, n'kubwera African Mirror, katuni, ndi zolawitsa za mafilimu a mlungu wamawa. Pakati pankakhala kupuma, anthu n'kutuluka kukamwa tiyi ndi kuonetsana zovala, ndipo filimu yeniyeni inkadza pambuyo. Potsiriza onse ankaimirira nyimbo ya mfumu ya ku England, ngakhale ena a Maburu ankaimirira mtima uli kwina. M'mwamba kuseri kwa khonde, m'kachipinda kotentha, munali amuna osaoneka ndi aliyense, oyang'anira makina awiri mosinthanitsa, chifukwa mkombero umodzi wa filimu unkatha m'mphindi 20 kapena kucheperapo, ndipo kadontho kakaoneka pangodya ya chithunzi ankayenera kudzutsa makina achiwiri mwamsanga kotero kuti wokhala pansi asazindikire msoko. Filimu ya masiku amenewo inali yosachedwa kugwira moto, n'chifukwa chake kachipindako ankakamanga ngati ng'anjo yotsekeka. Kwa osauka a Chizungu kunalinso timabayisikopo ta tiyi, m'mene filimu inkangozungulira tsiku lonse ndipo tikiti inkadza ndi chakumwa chake.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Thambo lija linali ndi khomo, ndipo pakhomopo munthu wakuda sankadutsa, kupatula m'mawa, atanyamula tsache ndi ndowa, nyenyezi zitazimitsidwa. Tsankholi silinayambe ndi chipani cha National mu 1948 ayi. Bungweli linalipeza lili mwambo wa dzikolo, ndipo silinaone chifukwa cholimbana nalo pamene ndalama zinali kulowa. Malamulo a pambuyo pake, monga Group Areas Act ya 1950 ndi lamulo la 1953 lolekanitsa malo ochezera, anangokhomera misomali pa chitseko chotsekedwa kale. Ndipo sikunali mipando yokha imene inasiyanitsidwa, koma ndi maso omwe. Lamulo la 1931 loyang'anira zoonetsedwa linapatsa bungwe la boma mphamvu yoloza kuti filimu yakutiyakuti aone Azungu okha, ndipo kawirikawiri munthu wakuda wa imvi ankaikidwa m'gulu limodzi ndi ana aang'ono a Chizungu. Mkazi wa Chizungu wovala mosakwanira, Mzungu woledzera kapena wogonja pamaso pa wakuda, zonsezi zinkakumana ndi lumo. Motero filimu inkafika kwa anthu athu itatha kale ulendo wake m'nyumba zazikulu, yokalikakalika, yoduladula, nkhani yake ikudumpha ngati munthu wachibwibwi.

Nanga bayisikopo ija ankasimba madoda inali iti? Inayamba ndi mbusa wa ku America, Ray Phillips wa mishoni ya American Board, amene anafika ku Johannesburg mu 1918 nayamba kuzungulira m'makomboni a migodi ndi makina oonetsera, eni migodi akulipira, pakuti anaona kuti munthu woonera kanema sapita ku mowa kapena ku msonkhano. Pa chipolowe cha Azungu a m'migodi cha mu 1922, Phillips anathamanga ndi mafilimu ake komboni ndi komboni kuti anthu akuda okwiya akhale pansi. Chinsalu ankachipachika pabwalo, amuna mazanamazana n'kukhala pansi atafunda mabulangete m'chisanu cha ku Rand, Amshangani, Abesuthu, Amxhosa, ndi a ku Nyasaland amene anachuluka kwambiri Wenela italoledwanso kulemba anthu a kumpoto m'zaka za m'ma 1930. Panalibe kukhala chete kwa mu Colosseum. Anthu ankalangiza wa pa kavalo mofuula kuti mdani ali kumbuyo, ankaimba mluzu, ankamasulirana m'zinenero zisanu nthawi imodzi. Charlie Chaplin anam'patsa dzina lakuti Sidakwa chifukwa cha kayendedwe kake, liwu limene Mchewa aliyense alimva popanda womasulira. Ndipo kumigodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia, kumene mwambo womwewu unafika, ngwazi iliyonse ya pa kavalo inkatchedwa Jack, kaya filimu ikhale iti. Ine ndikaganiza za usiku umenewo sindilephera kuona chinthu chimodzi: makilomita ochepa kuchokera pamene Azungu ankalipira kuti akhale pansi pa nyenyezi za mababu, anthu amene anakumba golide womangira denga limenelo ankaonera kanema wawo pansi pa nyenyezi zenizeni za Mlengi, ndipo palibe mbali imene inasankha yokha.

Anthu akuda a m'tauni sanakhale manja lende. Sol Plaatje, mlembi wamkulu woyamba wa chipani chimene chinadzakhala ANC, ankayenda ndi bayisikopo yakeyake m'zaka za m'ma 1920, akuonetsa zithunzi za sukulu ya anthu akuda ya Tuskegee ku America kuti anthu ake aone chimene chingatheke. Amwenye anamanga zawo, monga Avalon ya banja la Moosa ku Durban mu 1939, ndipo ku Soweto Ephraim Tshabalala anadzatsegula Eyethu mu 1969. Koma yokumbukika koposa ndi Odin ya ku Sophiatown, ya mipando yoposa 1,000, imene inali nyumba ya kanema, bwalo la oimba jazi ndi bwalo la milandu ya mtundu, zonse pamodzi. M'menemo anyamata ankaphunzira kavalidwe ndi kayankhulidwe ka zigawenga za m'mafilimu a ku America, makamaka Richard Widmark wa mu The Street with No Name. Ndipo m'menemonso, mu June 1953, pamsonkhano wokana kusamutsidwa kwa anthu, pamaso pa Nelson Mandela ndi Bambo Trevor Huddleston, apolisi a mfuti analowa nagwira Yusuf Cachalia papulatifomu. Kusamutsako kunayamba pa 9 February 1955, ndipo Sophiatown inagumulidwa, pamalo pake n'kumangidwa mudzi wa Azungu wotchedwa Triomf. A ku Killarney nawo anazindikira mochedwa kuti m'thumba la munthu wakuda mulinso ndalama: itatchuka African Jim ya mu 1949, imene anajambula ena ndipo inakweza Dolly Rathebe, iwo anatulutsa Zonk! mu 1950.

Schlesinger anamwalira mu 1949 naikidwa ku Zebediela pakati pa malalanje ake. Mwana wake John analandira ufumuwo, koma mtima wake unali pa malo ndi ndalama koposa pa kanema, ndipo mu 1956 nyumba zonse, zopitirira 100, zinagulitsidwa kwa 20th Century Fox. Mu 1969 zinagulidwanso ndi Sanlam, kampani ya inshuwalansi ya Maburu, motero chuma chimene chinabadwa mu inshuwalansi chinabwerera ku inshuwalansi. Ndipo m'kuphatikizana kwa pambuyo pake ndi m'mene munatuluka dzina la Ster-Kinekor limene achinyamata athu a ku Joni amaliona m'mamolo lero, osadziwa kuti gogo wake ndani.

Nyumba zazikuluzo zinafa imfa ya pang'onopang'ono. Azungu anasamukira m'midzi ya kunja kwa mzinda, nakonda kuonera kanema ali m'galimoto zawo pabwalo. Holo ya mipando 2,000 inasanduka mtolo pamene eni ake anaona kuti timaholo tinayi tating'ono pansi pa denga limodzi timabweretsa zambiri. Ndipo nthaka ya pakati pa mzinda inakwera mtengo kuposa chilichonse chomangidwa pamwamba pake. Boma linakaniza wailesi yakanema zaka zambiri, nduna Albert Hertzog akuiyesa chida cha woipayo, ndipo kukaniza kumeneko kunatalikitsa moyo wa mabayisikopo kuposa m'maiko ena. Koma pa 5 January 1976 kabokosiko kanayaka m'nyumba za anthu, ndipo mipando inayamba kukhala yokha. Alhambra inali itagwetsedwa kale m'zaka zoyambirira za m'ma 1970. Capitol inatsekedwa mu 1974, ndipo pambuyo pake m'holo yake munayamba kuimikidwa magalimoto, utsi ukukwera kumka kuthambo la ku Italy lija. Pamalo a Killarney pali molo. Colosseum inagumulidwa mu 1985, anthu ambiri atalira ndi kulemba zikalata zoipempherera osamvedwa. Ndipo pamene nyumba za kanema za m'mizinda zinatsegulidwa kwa mitundu yonse m'zaka zotsatira, malinga a Timlin anali atasanduka kale fumbi. Anthu ochuluka a mumzinda wa Johannesburg anataya nyumba imene sanaloledwe kuidziwa.

Imodzi inapulumuka. Playhouse ya ku Durban inagulidwa ndi kukonzedwanso pamodzi ndi inzake yoyandikana nayo, Prince's, ndipo inatsegulidwanso mu 1986 ngati nyumba ya zisudzo, magule ndi nyimbo. Ili moyang'anizana ndi City Hall, mumsewu umene kale unali Smith Street ndipo tsopano ukutchedwa Anton Lembede. Inu a kwathu amene muli ku Durban, wosoka zovala, wa m'sitolo, wa m'galaja, tsiku lina mukalandira malipiro valani bwino, mugule tikiti, mulowere khomo la kutsogolo, ndipo nyali zisanazime mukweze maso kudenga: nyenyezi zija zikadalipo.